Ndikufuna Kapepala Pofika Lamulungu

Lolemba

Kukuwotcha. Sabata yachiwiri tsopano. Ndikati nditaye madzi zikukhala ngati wina wandithira tsabola wa kambuzi, ndipo zotulukazo ndi timadontho chabe, sitingadzaze ndi supuni yomwe. Ndikangobwerera m'nyumba, ndamvanso wina. Pansi pa mchombo pakulemera.

Ine si mwana. Ndikudziwa kumene zoterezi zimachokera, ndipo mwini wake amagona pabedi langa lomwe.

Zimene ndaona pa bambo a Mphatso:

Mwezi wathunthu akugona choyang'ana kukhoma. Ndikawakhudza ndi phazi amasendera mpaka mphuno kugunda njerwa.

Ayamba kuchapa okha kabudula wam'kati. Munthu woti chikwatirane sanachapepo ngakhale kampango kopukutira mamina!

Akalowa m'chimbudzi amakhalitsa, potuluka thukuta lili kamukamu ngati akuchokera kumunda.

Mayi wa wigi yofiira ndi chikwama chachikasu. Wakabaza amanyamula aliyense, chabwino, koma uyu ndi wa m'mawa uliwonse, ndipo amamudikira pa transifoma njinga atazimitsa. Ine ndikachedwa pang'ono amaliza hutala mpaka agalu a Chinsapo yense kudzuka. Nkhope yake sindinaione, ndimangoona msana. Msanawo sukundisangalatsa.

Anachisale, amene benchi yawo ya tomato inagundizana ndi yanga ya nyemba ndi nsinjiro, anditsina khutu. Akuti kuchipatala akakupeza ndi matenda oyendayenda amakupatsa kapepala kokapereka kwa mwamuna kuti nayenso akaonekere. "Kameneko, asisi, mwamuna sangakane. Kamakhala ndi chidindo."

Basi, zatheka. Lachitatu kuchipatala. Kapepala m'thumba. Lamulungu ankhoswe. Kapepala patebulo, ine manja pachifuwa, osayankhula kanthu. Akalephera kufotokoza, ndilongedza mapoto anga. Zaka zonsezi ndapirira umphawi, ndapirira apongozi, koma izi ayi.

Masana. Ndaimbira amalume ku Area 23, ndiwo ankhoswe anga. Afunsa kuti nkhani yake ndi yotani, ndati adzaiona ndi maso. Ndawapempha kuti adziwitse alamu a ku Mgona, akulu awo a bambo a Mphatso. Iwo akuti, "Aa, ndiye zangogwirizana, alamu akowo anandiimbira kale dzulo za Lamulungu lomwelo." Dzulo? Ine nzeruyi yandibwerera lero m'mawa ndikukazinga mtedza. Alipo amene akumva maganizo anga, ndipo ndimupeza.

Madzulo. Kuti asadziwe kuti ndadziwa, ndikucheza monga mwa masiku onse. Ndikuwauza za a Jailosi, bambo wolondera chimbudzi cholipira kumsika. Munthu ameneyu! Nyengo yozizira ija anandigogodera chitseko n'kukuwa, mzere wonse ukumva, "Amayi a nsinjiro, mwagona m'menemo kodi?" Anthu anaseka mpaka wa makala. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti phazi langa silidzapondanso pamenepo, ndipo silinaponde. Ndimapirira mpaka kunyumba, ndipo kumsika sindimwa kanthu kuti ndisavutike. Lero wavala chipewa chatsopano, akudzimva ngati mwini banki. Ndangotchula chipewacho, bambo a Mphatso asiya mbamu m'mbale, asamba m'manja, atuluka panja. Munthu wolakwa sakhazikika.

Lachiwiri

M'mawa. Amudikiranso pa transifoma. Ndabisala kuseri kwa okala. Wagwira kachitsulo kakumbuyo, osati chiuno chawo. Ochenjera amatero pamene pali anthu.

Kumsika. Ndinangouza Anachisale okha, koma pofika teni koloko ndili ndi madokotala anayi.

Anachisale akuti ndi mauka. Afunsa ngati kukuyabwa, ndati ayi. "Ndiye kuti ali m'njira."

Mayi wa usipa akuti chinzonono, osachita kufunsa, mchemwali wawo zinayamba chonchi ndipo mwamuna wake analinso wakabaza. Mayi ameneyu ndamukonda.

Mayi wa zigumu akuti shuga, poti ndikupita pafupipafupi. Apo ayi, mimba. Mimba! Yochokera kukhoma?

Bambo wa makapusozi wanditambasulira ofiira ndi akuda. "Awa amapha chilichonse, mayi, ena amamwetsa ndi nkhuku zomwe." Sindinagule. Si kuti ndikuopa, koma ndikachira lero, Lamulungu ndikaika chiyani patebulo? Umboni sautaya.

Dzuwa likuswa mtengo. Kukhosi gwaa. Anachisale akumwa maheu pamaso panga, ine ndikungomeza malovu. Masiku ano kupirira mpaka madzulo kukukanika, ndiye ndikumasiya benchi n'kuthamangira kunyumba, kenaka n'kubwerera. Lero kawiri. Njira yake imadutsa pa chimbudzi cha a Jailosi pomwe, ndiye ndimadutsa mutu uli m'mwamba, ndikuyenda ngati sindikumva kanthu, mpaka nditakhota pangodya. Ndikakhota ndiye liwiro.

Pobwerera Anachisale akuti bambo a Mphatso anadutsa ndi njinga, anafunsa kumene ndapita. Anawayankha kuti ndalowera chakuchimbudziko. Akuti anangoti "Ohoo", n'kunyamuka. Tsono ayamba kundizonda kuti adziwe nthawi imene ndili kutali. Ndazilemba.

Madzulo. Ndagwira chachikulu! Atangotuluka m'chimbudzi ndalowa ine, ndanyamula tochi ya foni. M'mphepete mwa dzenje, pasimenti, kadontho kofiira. Magazi. Kabudula uja ndamupeza atayanikidwa kuchipinda pansi pa thaulo, ali ndi thotho losachoka ndi sopo.

Ndimayesa ndisangalala. Ndakhala pamphepete pa bedi, kabudula ali m'manja, mtima wangoti zii. Kuganizira munthu ndi china, kugwira umboni ndi manja ndi chinanso.

Ndiwo ndathira mchere wambiri dala. Adya osadandaula. Nachonso ndachilemba.

Lachitatu

Kuchipatala chathu chaching'ono. Mzere wafika pamtengo wa mango. Ndakhala pafupi ndi khomo la chimbudzi, chaulere, chopanda Jailosi.

Anesi ake ndi mayi wachikulire wa magalasi, kumutu imvi zikusuzumira pansi pa kachipewa. Ndalowa ndi mawu okonzakonza: "Mwamuna wanga wandipatsa matenda, ndabwera kudzatenga kapepala." Iwo osadzidzimuka n'komwe. "Khalani pansi, mayi. Kapepala si sopo woti tizingogawa. Tiyambe taona."

Ndiye mafunso, ngati kupolisi.

Kukuwotcha m'kati mkodzo ukamatuluka, kapena kunja ukakhudza khungu? M'kati.

Kukuyabwa? Ayi.

Kukutuluka zoyera ngati chambiko? Ayi. Zachikasu, zonunkha? Ayi! Ndine munthu wosamba ine.

Zilonda, totupa m'mphechepeche? Palibe.

Magazi? Ine ayi, koma funsani za mwini wake.

Kutentha thupi, msana kuwawa cham'mbalimu? Ayi.

Kumwezi ndinapita liti? Ndawauza.

Funso lililonse ine ndikubweza kwa bambo a Mphatso, iwo akubweza kwa ine. Akuti matenda akumusiku ambiri amalira mofanana, onse amati kuwotcha, ndiye ukangomva kulirako n'kupereka mankhwala, umachiza amene kulibe n'kusiya amene alipo. Mauka amayabwa ndipo amatulutsa zoyera. Opatsirana pogonana kawirikawiri amabwera ndi zotuluka zachilendo kapena zilonda, ngakhale ena mwa amayi amabisala. Amabisala! Mawu amenewo ndawagwira ndi manja awiri.

Andipatsa kabotolo. Zimene ndabwera nazo ngakhale ine ndachita nazo manyazi: pang'ono, zabii ngati tiyi wogonera. Aviikamo kakatoni kopyapyala, kasintha mtundu. Ayeza shuga, bwinobwino. Mimba, palibe, mayi wa zigumu amve. Andigoneka kuseri kwa katani, ayang'ana ndi nyali, palibe chachilendo. Abaya chala, magazi ali bwino.

Chigamulo: tizilombo m'chikhodzodzo. Akuti amayi ambiri amadwala zimenezi, ngakhale amene amuna awo anamwalira kalekale. "Mumamwa madzi ochuluka bwanji patsiku? Mukamva mkodzo mumapita nthawi yomweyo?" Ndafotokoza za a Jailosi, mwachidule. Avula magalasi n'kundiyang'ana. "Miyezi yonseyi, kutentha kuno? Mayi, madzi osayenda amaola."

Mapiritsi, madzi ambiri, osasunga mkodzo. Zikapanda kusintha, kapena thupi likatentha, ndibwerenso msanga. Kapepala? Palibe. Za magazi a bambo akuti sangaweruze munthu amene sanamuone, magazi mumkodzo ali ndi zifukwa zambiri, abwere okha.

Ndikudzuka kuti ndizipita, maso agwera kuseri kwa chitseko. Pamsomali pali chikwama chachikasu. Pamwamba pa kabati, itavekedwa pachitini cha mkaka kuti isapindike, wigi yofiira.

Ndiye ameneyu! Ndadzipereka ndekha m'manja mwake, wandiyang'ana ndi nyali yomwe! N'chifukwa chake kapepala kakuvuta: akandipatsa ine, ndiye kuti nayenso adzilembere kake.

Ndi wamkulu kuposa mmene msana umaonetsera, angathe kukhala azakhali anga. Koma amuna alibe maso.

Mapiritsi ake sindimwa.

Lachinayi

Nzeru zina. Kuli chipatala china ku Kawale kumene sandidziwa, ndipo kulibe wigi. Dzulo ndinalakwitsa poyankha "ayi" pa chilichonse. Lero ndivomera zonse. Anachisale ndi mayi wa usipa andiphunzitsa m'mawa, ndaloweza ngati mawu a pamtima a ku Sande sukulu.

Minibasi ziwiri. Mabampu a m'njira ndawamva onse m'chikhodzodzo.

Anesi a kuno ndi bambo, wamng'ono kwa ine, waulemu. Asanafunse n'komwe ndayamba: kuwotcha, kuyabwa, zoyera, zachikasu, zobiriwira, fungo, zilonda, mabomu mbali zonse ziwiri. Ndawonjezerapo chizungulire kuti zikome. Iwo akulemba, akulemba, kenaka asiya cholembera. "Amayi, zonsezi pa munthu mmodzi, ndipo mwabwera nokha pa minibasi?"

Aitana nesi wamkazi kuti andione kuseri kwa katani. Zimenezi sindinaziganizire. Zilonda zoloweza pamtima sizioneka ndi nyali.

Kabotolo kachiwiri. Kakatoni kachiwiri. Mtundu womwewo. Yankho lomwelo, mawu ake ngati anakopera kwa wa wigi uja. Mwina amaimbirana mafoni anthu amenewa. Ndafunsa ngati amadziwana ndi anesi a kwathu, akuti anamwino ndi ambiri.

Ndaulula kuti mapiritsi ndili nawo kale koma sindinayambe. Apa ulemu uja wachepako. Akuti tizilombo timeneti sitikhala malo amodzi, tikasiyidwa timakwera kupita ku impso, ndipo kumeneko ndi nkhani ya kugonekedwa ndi diripi. "Mukudikira chiyani?" Ndati Lamulungu. Sanamvetse, ndipo sindinafotokoze.

Kapepala? "Tikakupatsani popanda chifukwa, tikhala taphwasula banja ndi cholembera." Ndani wawauza kuti sindikufuna zimenezo?

Madzulo. Benchi yakhala tsiku lonse ndi Anachisale, ndipo nsinjiro zaoneka kuchepa kuposa zimene akuti agulitsa. Ndilibe mphamvu zofunsa. Pansi pa mchombo pakuchita kukoka. Mawu aja a impso akundizungulira m'mutu. Mayi anga aang'ono anatupa miyendo ndi impso, ndinawasamalira ine, ndikudziwa.

Ndamwa piritsi loyamba. Ndamwera madzi kapu yathunthu, kenaka ina. Ndikumeza umboni wanga ndekha, palibe wondikakamiza.

Bambo a Mphatso aona kapaketi ka mapiritsi pawindo. Akatenga, akatembenuza, akabweza, andiyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira. Ayenera kuti akuchita mantha.

Lachisanu

M'mawa. Kuwotcha kwachepa. Zokwiyitsa! Mapiritsi a mdani wanga akugwira ntchito.

Koma ndaganiza bwino ndikusesa. Kapepala sikasankha dzanja. Akakapezeka nawo matenda iwowo, anesi adzawapatsa kapepala koitanira ine. Chidindo chake n'chomwecho. Chofunika ndi kuwakokera kuchipatala, ine ndili pomwepo, kuti wa wigi asabise kanthu.

Masana. Ndafunsa anzawo pa siteji, akuti apita kotsuka njinga kudambo. Ehe, kudambo! Ndatsetsereka mwakachetechete kudutsa m'madimba, ndikuyembekeza kuona chitenje pa udzu.

Palibe chitenje. Pali thamanda la madzi obiriwira, tinkhono m'mphepete, njinga zitatu zitaimikidwa m'madzi, ndi bambo a Mphatso atapinda buluku mpaka m'maondo, ali m'kati mwenimweni akukwecha matayala ndi chiguduli. Anzawo aja akuti amatero tsiku lililonse, madzi a pampopi ndi odula. Kenaka apita kuseri kwa bango, aima, awerama, agwira bondo ndi dzanja limodzi, nkhope atakwinya. Ndinabwera ndi ukali, koma pamenepo chisoni chandigwira pang'ono. Pang'ono chabe.

Ndatulukira. "Tiyeni kuchipatala, pompano." Ndimayesa akana. Avala nsapato osapukuta n'komwe mapazi. "Tiyeni. Inenso ndatopa nako kukhala chete." Takwera njinga. Ndagwira kachitsulo kakumbuyo.

Anesi a wigi atationa onse awiri angoti, "Aa, adalaivala anga, kodi awa ndi akunyumba?" Kuchita kunamizira bwino chonchi! Afunsa bambo ngati ine ndingakhale nawo m'chipindamo. Iwo mokweza: "Akhale. Amve okha."

Mafinya kunjira ya abambo, makamaka m'mawa? Ayi. Zilonda? Ayi. Kutupa? Ayi. Mkodzo umatuluka mwamphamvu kapena modontha? Bwinobwino. Kupweteka kobaya m'nthiti kotsikira kumusi, ngati mwala ukuyenda? Ayi. Magazi amabwera poyamba, kapena pomaliza? Pomaliza, timadontho totsiriza, ndipo ndi pamene pamawawa. Anesi ayang'ana buluku lawo lonyowa m'miyendo. "Njinga ija mumandinyamulira yowala chonchija, mumatsukira kuti?"

Kabotolo. Ku labu. Kudikira pabenchi, wina uku wina uko, pakati pathu patakhala gogo wa chifuwa.

Likodzo. Akuti aona mazira ake pamakina. Tizilombo timachoka mu nkhono zija n'kulowa pakhungu munthu ali m'madzi. Likodzo, matenda a ana osambira m'zithaphwi, pa bambo wa ndevu za imvi! Magazi a pachala ali bwino. Mapiritsi akuluakulu ngati nyemba zanga, kumwa kamodzi, koma atadya kaye.

Ine ndikufuna kufunsa ngati likodzo silingachokere kwa mkazi wa wigi, koma andiyambirira ndi bambo a Mphatso. Mawu otsika, maso pansi:

"Ndiye kuti sanandipatsire ndi mayiwa?"

Mayi ake ati? Ndatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Kumbuyo kuli khoma ndi kalendala.

Ine?

Loweruka

Sindinawayankhule kuyambira dzulo. Phala ndaphika chifukwa mapiritsi aja awazunguza mutu ndipo agona pamkeka ngati thumba la chimanga, koma ndawaikira pansi osanena kuti "nali".

Ine! Mayi wa chigwirizano, woimba alito, amene ngakhale kondakitala akandiseketsa ndimayang'ana pawindo!

Cha m'ma teni ndalephera kupirira. Ndafunsa funso limodzi: ndi ndani?

Akanika, akanika, kenaka: "A Jailosi."

Ndakhala pansi pomwepo padothi.

Umboni wawo, monga aufotokozera okha, chala ndi chala:

Miyezi itatu, madzulo aliwonse, a Jailosi. A Jailosi atero, a Jailosi avala chakuti, a Jailosi ameta. "Ine ndinagula jekete yatsopano simunaione, koma chipewa cha a Jailosi munachiona."

Masana benchi ili yokha, ndipo Anachisale akuti ndalowera chakuchimbudziko.

Iwo akudziwa kuti sanayendepo, ndiye magaziwo achokera kuti?

Mapiritsi pawindo Lachinayi.

Akulu awo ku Mgona anali atawaimbira kale Lamulungu lapitali. Uja ndimamufuna womva maganizo anga ndi ameneyu. Kukhoma ankayang'ana chifukwa cha mkwiyo, komanso akuti ankaopa kuti akandiyandikira tizingobwezerana matenda. Kabudula ankachapa okha kuti ndisaone kuti adziwa.

Chondipweteka n'chakuti umboni wawo ndi wolongosoka kuposa wanga. Ndawauza za msana wa pa transifoma. Aseka mpaka chizungulire chawabwerera. Akuti anesi aja amalipira pamwezi, sachita ngongole, ndipo njira yonse amakamba za adzukulu awo ndi mtengo wa feteleza. Ine sindinaseke. Komabe a Jailosi! Akanati wa butchala bola.

Masana. Ntchito yoletsa ankhoswe. Amalume akuti ayi, akana kale ulendo wa kumudzi ku Ntcheu chifukwa cha ife, ndipo jekete yapita kale kochapitsa. "Nkhani yoti ndidzaione ndi maso sithera pafoni." Alamu a ku Mgona foni yawo sikupezeka. Anachisale aimba kufunsa ngati kapepala kali ndi chidindo chofiira kapena chabuluu, poti anthu kumsika akutsutsana.

Takhala pakhonde awiri, kufuna mlandu wina woti tikawapatse anthuwa mawa.

Kuti amabwera mochedwa? Sabwera mochedwa.

Kuti ndimathira mchere wambiri? Kamodzi kokha, ndipo panali chifukwa.

Kuti amaliza mkonono? Amalume amaliza woposa.

Za sukulu ya Mphatso? Mwanayo ali kogonera konko, akukhoza bwino, watikhumudwitsa.

Palibe. Banja lopanda mlandu, ankhoswe ali m'njira. Ndazindikira kuti aka n'koyamba mwezi uno kukhala nawo pamkeka umodzi. Ndasendera pang'ono kuti asazolowere.

Tambala uja ndimasungira Khirisimasi wagwidwa. Wagwira ndi iwo, akudzandira.

Lamulungu

Abwera. Amalume ndi jekete yonunkhira sopo, alamu ndi Baibulo ndi nkhope ya pamaliro. Akhala pamipando, ife pansi. Patebulo pamene pamayenera kukhala kapepala pali jagi ya madzi.

Pemphero. Kenaka amalume: "Tabwera. Tioneni ndi maso tsono."

Tambala akununkhira kukhitchini.

Ndayamba ine, amaliza iwo. Zonse: transifoma, wigi, dambo, nkhono, Kawale, chipewa cha a Jailosi. Alamu atsegula Baibulo, alitseka, alitsegulanso. Amalume agwira pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka, akuti ndi chifuwa.

Atapeza mpweya afunsa chimodzi: "Mwezi wathunthu, bedi limodzi, wina kuwotcha wina magazi, osafunsana? Mpaka ife kukwera minibasi?" Apo ndiye manyazi andigwira enieni, osati a kuseri kwa katani aja. Mapoto ndinali nditayamba kale kuwasankha m'maganizo, ati anga, ati awo.

Chigamulo cha ankhoswe:

Bambo azitsukira njinga pampopi, ndi ndowa.

Mayi amalize mapiritsi onse ngakhale kuwotcha kwatha, azimwa madzi.

Mayi abwerere kwa a Jailosi.

Dzina la a Jailosi lisamvekenso m'nyumba muno nthawi ya chakudya.

Ndiye kuti amalume akwera minibasi kuchoka ku Area 23 kudzanena zimene wa wigi ananena Lachitatu kwaulere. Tambala wapita yense, ine ndapeza khosi.

Powaperekeza, amalume atsalira m'mbuyo dala, anditengera pambali. "Iwe poti wayendayenda m'zipatalamu. Munthu wamkulu akamadzuka pafupipafupi usiku kukataya madzi, koma zotuluka n'zodontha, zosathamanga, chingakhale chiyani?" Pakamwa panga panabwera mayankho atatu nthawi imodzi, limodzi loloza akazi awo. Ndawameza onse. Ndati apite akapereke kabotolo, ine mkodzo wa munthu sindiweruzanso.

Madzulo. Kuwotcha kwatheratu. Bambo a Mphatso atsuka chigubu chachikulu, achidzaza madzi, achiika pafupi ndi dengu langa la nyemba. Akuti mawa akandisiya okha kumsika, akangotula anesi. Akuti akufunanso kukapereka moni kwa a Jailosi. Moni wanji? Sanakhutirebe ameneyu, ndikumuona. Chabwino. Nanenso pa transifoma ndidzasuzumira, kungoti ndione ngati dzanja likadali pa kachitsulo.

Anachisale ndidzawauza kuti chidindo chinatha inki.

Chigubu chimenechi ndikachimaliza, ndiye kuti mawa kwa a Jailosi si kamodzi ayi, ndi katatu kapena kanayi. Ndidzaima pamzere, mutu pansi, msika wonse ukuona. Agogode ngati akufuna. Ndipo madzulo, chilichonse chimene a Jailosi adzandinene, ndilibe woti ndidzamuuze.